Ndime Ziwiri Pansi pa Bulangete

Nkhani ya mkulu wa mpingo amene analowa m'bulangete kuseri kwa nyumba yanga ku Katawa yafotokozedwa ndi anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo panalibe. Ndaimva mu minibasi ya ku Luwinga, ndaimva pamzere wa kubanki, ndipo tsiku lina ndinaimva pamaliro kuchokera kwa mayi amene sanadziwe kuti akuuza mwini wake. Ena amati mkuluyo anakomoka ndipo tinamutsira madzi a m'chitsime. Ena amati anatuluka akulankhula malilime. Zonsezi n'zopeka. Ine ndinaphunzira mpaka Fomu 4 pa nthawi imene atsikana ofika kumeneko anali owerengeka, ndinataipa makalata mu ofesi ya boma mpaka kupuma ntchito, ndipo ndinazolowera kuti pepala lolakwika limabwezedwa kuti likonzedwe. Choncho ndikukonza.

Chimene ofotokozawo amaiwala n'chakuti tsiku limenelo silinali la nthabwala kwa ine. Bulauzi yanga yoyera ya amayi a mpingo inali itapindidwa m'sutikesi molamulidwa, ndipo sindinkadziwa ngati ndidzaivalanso. Koma ndiyambire poyambira.

Amati ine ndi mnzanga wa ku Mulanje, amene ali pakati pa nkhaniyi, tinadziwana m'tchalitchi. Si zoona, tinadziwana m'basi. Unali mwezi wa Juni, m'zaka zija yunivesite itangotsegulidwa kumene pamalo pamene kale panali koleji ya aphunzitsi, mzinda ukuyamba kudzaza ndi nkhope zachilendo. Amayi a mpingo wathu tinakonza ulendo wa mapemphero wopita ku Khondowe, kuphiri kuja kumene makolo athu anaphunzirira kuwerenga Mawu. M'mawa umenewo chifunga chinali chitakuta depoti yonse, chija cha ku Mzuzu chimene umamva mnzako akutsokomola osamuona nkhope. Basi zobwereka zinali ziwiri, zoima moyandikana: yathu, ndi ya amayi a mpingo wina, aja opemphera ndi kolona, amene ankapita ku mapemphero awo kumbali ya Nkhata Bay.

Pafupi ndi mpando wanga ndinapeza pakhala munthu wofunda bulangete kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuoneka maso okha. Ndinati, "Monire amama," iye n'kungogwedeza mutu. Ndinaganiza kuti ndi mmodzi wa amayi a nthambi yathu ya ku Masasa amene chisanu chamutseka pakamwa. Tinapemphera, tinaimba, basi inanyamuka. Titapitirira Ekwendeni dzuwa linatuluka, munthu uja anavundukula bulangete, ndipo pansi pake panali chitenje cha mpingo wina uja, m'manja muli kolona.

"Achemwali," anandifunsa m'Chichewa cha kumwera, "ku Nkhata Bay tifika nthawi yanji? Anandiuza kuti si kutali."

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana chitenjecho, ndipo ndinayesetsa kukhala munthu wamkulu, koma sizinatheke. Nkhaniyo inayenda mpando ndi mpando mpaka kwa dalaivala, basi yonse n'kugwa ndi phwete. Iye mwini ndiye anaseka koposa, misozi mbwe, akumenya bondo langa ngati tinakulira limodzi. Anali wa ku Mulanje, wamasiye monga ine, ndipo anali atangobwera kumene kudzakhala ndi mwana wake wamwamuna amene anapeza ntchito kuyunivesite. Chitumbuka sankachimva ngakhale moni. Anaona basi ya amayi oimba, n'kulowa.

Amayi ena anati atsike pa Bwengu akadikire galimoto yobwerera. Masiku ano amati mtsogoleri wa amayi athu ndiye anamuchitira chifundo. Mtsogoleriyo ankangoyang'ana pawindo. Amene anaimirira n'kunena kuti mlendo wosamva chilankhulo sasiyidwa pamsewu ndine, ndipo ndinanena m'zilankhulo ziwiri kuti pasakhale wonamizira kuti sanamve.

"Ndiye kuti ndikukaba mapemphero a eni ake?" iye anafunsa akupukuta maso.

"Mukadya nawo ngati mlendo, amama."

"Mulungu wake ndi yemweyu?"

"Yemweyo."

"Ndiye tiyeni. Andipeza konko."

Pa Chitimba tinasiya basi n'kukwera lole, chifukwa msewu wa Gorodi sufuna basi. Amene sanaukwere sangamvetse: umakhota ngati chingwe chotayidwa pansi, ndipo pa kona iliyonse lole imabwerera m'mbuyo kaye ngati ikuganiza zosiya. Amati ndinasanzira pa nsapato za akazi a abusa. Sindinasanze. Ndinachita chizungulire, ndipo munthu wophunzira amadziwa kusiyana kwake. Mlendo uja anamasula mfundo ya chitenje chake, natulutsa kachidutswa ka jinja, n'kundiika m'kamwa ngati mwana, osandifunsa n'komwe. Ndinatafuna nditatsinzina, dzanja lake lili pakhosi panga, amayi ena akuimba nyimbo zonse za imfa zimene ankazidziwa.

Pamwamba tinapeza mphepo yozizira yolowa m'mafupa. Pofika madzulo mawu anga anali atasasa, ndipo mawa lake ine ndi amene ndinasankhidwa kuwerenga Mawu pamaso pa amayi a mipingo yambiri. Ndinkatsegula pakamwa n'kutuluka mpweya wokhawokha. Mlendo uja anandiyang'ana, anatuluka, ndipo dzuwa lisanalowe anabwera ndi mtolo wa masamba a bulugamu, masamba a mandimu, ndi mphika wobwereka kukhitchini ya alendo. Anawiritsa zonsezo, anaika mphikawo pansi, anandikhazika pa kampando, n'kunyamula bulangete lake lija.

Ndinanong'ona kuti, "Ndikhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka nditamaliza chigawo chimodzi cha kolona."

"Amama, ine sindingayezedwe ndi mikanda yanu. Ndine mwana wa mkulu wa mpingo."

"Ndiye dziyezeni nokha, achemwali. Imbani ya kwanu. Ndime ziwiri, mutuluke mupume, mulowenso."

"Ndiimba bwanji mawu palibe?"

"Yambani ngati chule. Mumaliza ngati munthu."

Umo ndi mmene muyeso wa ndime ziwiri unabadwira, osati m'maloto monga ananenera mayi wa pamaliro uja. Ndinaimba mumdima wotentha wonunkhira bulugamu, thukuta likutsika m'makutu, iye panja akuseka uchule wanga. Mawa lake ndinawerenga. Sindikunena kuti chinali chozizwitsa: mawu anabwerera theka, okwanira mabenchi akutsogolo, ndipo akumbuyo anamva ndi chikhulupiriro. Koma ndinawerenga, ndipo mlendo wa kolona anakhala pa benchi yoyamba pakati pa mabulauzi oyera ngati duwa logwera mu ufa, akugwedeza mutu pa Chitumbuka chimene sankamva.

Titabwerera ku Mzuzu mwana wake anali padepoti nkhope ili gwa, atafunsa kale kupolisi ndi kuchipatala. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma patapita masiku owerengeka ndinamva "odi" pakhomo: anali iye, atabweretsa juzi imene ndinamubwereka kuphiri, ataichapa n'kuisita. Anati kunyumba kwa mwana wake kuli mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu, ndipo amakhala tsiku lonse ndi wailesi ya kanema yolankhula Chingerezi. Ine nanenso adokotala anali atandiuza kuti zaka za pampando wa mu ofesi zandisiyira thupi loposa mawondo anga, ndiziyenda. Tinagwirizana kuyenda limodzi.

Iye ankabwera ndi minibasi yoyamba, ndipo tinkanyamuka ku Katawa kulowera kunkhalango ya Kaning'ina chifunga chisanachoke. Tinkayenda tikukangana. Iye ankati anthu a kumpoto timapatsana moni wautali ngati mlandu. Ine ndinkati a kumwera amalankhula ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Ndinamuphunzitsa "yewo chomene", zikomo ya kwathu, ndipo anayamba kuuza aliyense, ngakhale galu amene watipatukira. M'njiramo tinkaona mzinda ukumera. Pamene sabata yatha panali tchire, lero pali zikhomo ndi chingwe; pamene panali zikhomo, pali maziko; ndipo dambo limene ana anga ankagwirako achule linali litagawidwa mapuloti. M'mphepete mwa nkhalango, kunja kwa malire ake, bambo wina anali ndi munda wa bulugamu, ndipo anatilola kuthyola masamba. Ndikutsindika kuti kunja kwa malire, chifukwa pali amene amati tinkaba m'nkhalango ya boma. Ine ndinataipapo makalata ochenjeza anthu otero; sindikanakhala mmodzi wa iwo.

Woyamba kutitsatira anali mayi wogulitsa usipa mumsika waukulu, amene chimfine sichinkamuchoka nyengo yonse yozizira. Anabwera ndi mnzake. Mnzakeyo anauza mlongo wake wogwira ntchito kubanki, ndipo mwana wa mnzanga, atasiya kuchita manyazi, anauza a kuntchito kwake. Posakhalitsa Loweruka m'mawa tinkayenda gulu, aphunzitsi a kuyunivesite m'nsapato zoyera zothamangira, amayi a mumsika m'mapatapata, tonse tikubwerera ndi masamba kumutu ngati mbuzi zatituma. Tikafika ku Katawa, khitchini yanga yakuseri, ya malata akale, inkasanduka malo ofukizira. Anthu anayamba kutchula pakhomo panga kuti kwa amayi a bulangete.

Ntchito tinagawana mosakambirana. Mphika, moto ndi manja zinali za mnzanga: ndiye ankadziwa kuchuluka kwa masamba, ndiye ankathowa misana ndi mawondo ndi kansalu koviika m'madzi otentha, ndiye ankaphika tiyi wa jinja ndi udzu uja wonunkhira ngati ndimu. Dongosolo linali langa. Ndinkakhala pakhomo la khitchini n'kufunsa aliyense ngati wapita kuchipatala, chifukwa ife sitinali chipatala ndipo sitinanamizire kutero. Woyembekezera, wothamanga magazi ndi mwana wamng'ono sankalowa m'bulangete ngakhale apemphe bwanji. Ankalandira tiyi ndi nkhani. Amayi ankalowa nthawi yawo, abambo nthawi yawo. Ndipo muyeso unali womwe uja, ndime ziwiri, wolowayo adziimbire yekha, kuti ife panja tizimva kuti ali moyo.

Zimene tinamva pansi pa bulangete limenelo zingadzaze buku. Mphunzitsi wina wa masamu, munthu wa madigiri, anaulula kuti sadziwa nyimbo iliyonse kupatula kolasi ya Sande sukulu, ndipo anaiimba ndi mawu aang'ono ngati kamtsikana. Wophunzira wina anayambitsa nyimbo ya kumpira, ndinamutulutsa ndime isanathe. Mayi wa usipa ankaimba ngati akuitana makasitomala kutsidya la msewu. Ena ankabuula nthunzi ikawalowa, ena ankayetsemula pakati pa aleluya, ndipo ife panja tinkagwirana mapewa kuti tisagwe ndi kuseka. Chiyambire imfa ya mwamuna wanga ndinali ndisanasekepo chotero.

Koma mpanda wanga ndi wa maluwa, ndipo maluwa sabisa phokoso. Anthu oyandikana nafe ankamva kuimba ndi kubuula m'mawa, n'kuona anthu akutuluka maso ali psuu, thukuta lili kamukamu, akuthokoza mayi wovala kolona m'khosi. Mbiri inafika kutchalitchi itavala kale nsapato: akuti ndatsegula kachisi kuseri kwa nyumba, akuti tikuvinitsa vimbuza, gule wa mizimu uja, popanda ng'oma, akuti mayi wa kumwera amaika zinthu mumphika.

Tsiku lina masana mtsogoleri wa amayi athu, yemwe uja wa pawindo la basi, anabwera n'kukhala pakhonde. Ndinamupatsa tiyi, anakana. Munthu wa ku Mzuzu akakana tiyi mwezi wa Julayi, dziwani kuti wanyamula mlandu.

"Amama," anatero, "yunifolomu muyambe mwaisunga mpaka akulu a mpingo amve nkhaniyi. Ku Mgonero nakonso muyambe mwadikira."

"Mlandu wanga ndi wotani?"

"Inu mukuudziwa. Koma njira yaifupi ilipo. Mayi ujayu asiye kubwera, mphika uchoke, ndipo nkhaniyi ifera pakhonde pompano."

Wosakhala wa mpingo wathu angaone ngati ndi nsalu chabe. Bulauzi imeneyo ndinavekedwa mayi anga ali moyo, atakhala kutsogolo akulira. Kwathu mayi wa mpingo akamwalira amagonekedwa m'bokosi atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, amayi anzake atazungulira m'mayunifolomu awo, akumuimbira mpaka kumanda. Woimitsidwa amapita ndi chitenje wamba, ndipo nyimbo zake zimakhala za achibale okha. Pa msinkhu wanga munthu amaganiza zimenezi mmene mtsikana amaganizira za ukwati. Lamulungu lotsatira ndinakhala benchi yakumbuyo, m'chitenje cha maluwa, ndikuona misana yoyera ya anzanga.

Mnzanga atamva anati:

"Ndisiye kubwera, achemwali. Ine ndinangokwera basi yolakwika. Musataye malaya anu chifukwa cha ine."

"Mukasiya ndiye kuti tavomera kuti mumphika muli zinthu. Muli zinthu?"

"Muli masamba."

"Ndiye abwere adzaone masamba. Loweruka mukoleze moto monga mwa nthawi zonse."

Ndinapempha akulu a mpingo kuti asaweruze za kumva, atume anthu adzaone ndi maso. Anatuma atatu: mtsogoleri wa amayi uja, mkulu wina wachinyamata, ndi mkulu wamkulu amene nkhani yonseyi imatchukira. Ameneyu anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, wamtali, wowonda, wa magalasi okhuthala, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi chiyambire ana anga ali kumsana. Buku lonse la nyimbo linali m'mutu mwake. Abusa ena achinyamata anayesapo kunena kuti tiimbe ndime yoyamba ndi yomaliza pofuna kusunga nthawi. Mkuluyo anaimba zonse yekha, mpingo utakhala pansi, ndipo kuyambira pamenepo palibe anayesanso.

Anafika Loweruka m'mawa mvula yowaza ikugwa, mkuluyo ali m'jekete ndi tayi. Anthu athu ndinali nditawauza kuti asabwere. Mnzanga anagwada pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Yewo chomene, adada," asanapatsidwe n'komwe moni, ndipo mkulu wachinyamata analuma mlomo.

Mkulu wamkulu anapempha mthiko. Anavundula mphikawo modekha, akutola tsamba limodzilimodzi n'kuliyandikiza ku magalasi. Bulugamu. Mandimu. Bulugamu. Anafufuza pansi pa mphika, anasuzumira kudenga, anagwedeza bulangete ngati muli njoka.

"Mumphika mulibe kanthu," anatero. "Koma anthu sakudandaula za mphika. Akudandaula za zimene zimachitika pansi pa ichi. Ndiona ndekha."

Ndinamufunsa monga ndimafunsira aliyense: "Adada, magazi anu sathamanga?"

"Magazi anga amayenda mwaulemu."

"Ndiye vulani jekete ndi tayi."

Jekete anavula. Tayi anakana, nati wabwera pa ntchito ya mpingo. Mnzanga anaika mphika pa chiguduli monga ankachitira kuti usadetse simenti, anamukhazika pa kampando, ndipo ine ndinamufotokozera momveka bwino, mboni zilipo, kuti aimbe ndime ziwiri za nyimbo iliyonse imene akufuna, kenaka atuluke apume. Anangoti "hm". Bulangete linamukuta, kunja kunatsala nsapato zakuda zokhazokha.

Anayeretsa kukhosi, napereka liwu loyambira monga amachitira m'tchalitchi, nayamba. Mtima wanga unagwa nditamva nyimbo yake. Anasankha ija yaitali imene timaimba pa Mgonero pamene mikate ikuzungulira tchalitchi chonse, ya ndime zosatha, yoimbidwa pang'onopang'ono ngati ng'ombe zokoka ngolo pamtunda.

Ndime yachiwiri itatha mnzanga anagwira nsonga ya bulangete kuti avundukule. Silinasunthe. Mkuluyo anali ataligwira m'kati ndi manja onse awiri, ataponda m'mphepete mwake ndi nsapato.

"Adada, nthawi yakwana," ndinatero.

Kuchokera m'kati munatuluka mawu onyowa: "Nyimbo ya Mulungu siidulidwa pakati." Ndipo analowa ndime yachitatu.

Apa ndi pamene ofotokoza amasokoneza kwambiri, choncho ndinene mosamala. Ife a mpingo wathu mkulu ameneyu akayambitsa nyimbo sitidziwa kukhala chete. Pakamwa pamatseguka pokha. Mtsogoleri wa amayi, amene anabwera kudzandiweruza, anayamba kung'ung'udza, kenaka anatulutsa liwu lake lapamwamba. Mkulu wachinyamata anaika besi. Ndipo ine, woimitsidwa, ndinapezeka ndikuimba liwu lachiwiri, manja nditapinda pamimba monga pa benchi. Tinaima atatu mozungulira bulangete lofuka nthunzi, mvula ikugogoda pamalata, tikuimba bwino kuposa mmene tinaimbirapo Lamulungu lililonse. Ngati woyandikana nane aliyense anasuzumira pampanda nthawi imeneyo, anaona umboni wonse umene ankaufuna.

Mnzanga yekha ndiye nyimboyo sinamugwire, poti si ya kwawo. Anandikoka chitenje.

"Achemwali, zatsala ndime zingati?"

Ndinamuonetsa zala ndikuimbabe.

"Munthu wanuyu apsa. Mumuuze."

Ndinapukusa mutu. Ndani akanamuuza? Abusa analephera.

Anayang'ana bulangete, anayang'ana nsapato zija, kenaka anagwada pansi. Nsonga ya chiguduli inali itatulukira pakati pa mapazi a mkuluyo. Anaigwira, nadikira mpaka pamene nyimbo imakwera ndipo woimba aliyense amakweza mutu, ndipo anakoka pang'onopang'ono, mosatayitsa ngakhale dontho. Mphika unatuluka pansi pa bulangete ngati mwana wobadwa bwino. Anaunyamula n'kukauika pambaula, nabwerera kudzaima pambali panga manja ali kumbuyo, nkhope ya munthu wosalakwa. Mkulu wachinyamata anaona zonse, besi yake inasweka pakati, ndipo anatuluka panja kukaima pamvula mapewa akugwedera. Mkulu wamkulu anaimba ndime zonse zotsala ataweramira simenti youma, mpaka Amen.

Kenaka anavundukula yekha. Sanakomoke. Ndikubwereza, sanakomoke. Anakhala pa kampandopo, shati itamatirira pathupi, tayi itafota ngati tsamba la mpiru, magalasi ali mbuu ndi nthunzi. Anawavula, anawapukuta, napuma mpweya wautali m'mphuno zonse ziwiri, ndipo anadabwa nawo mpweyawo, chifukwa tonse tinkadziwa kuti nyengo yozizira iliyonse ankaimba ndi mphuno zotseka. Anayang'ana pansi pamene panali mphika, anayang'ana pambaula, anayang'ana mnzanga. Mnzanga anamupatsa kapu ya tiyi wa jinja ndi manja awiri.

Mtsogoleri wa amayi anafunsa, "Mwaonamo chiyani, adada?"

"Sindinaone kanthu. Magalasi anachita nkhungu." Anamwa tiyi. "Koma ndamva kanthu. Amama, mwati aliyense wolowa muno amaimba ndime ziwiri n'kusiya?"

"Inde, adada. Ndiwo muyeso wake."

"Nyimbo za m'buku lathu?"

"Ambiri amasankha zimenezo."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira ku Khondowe."

Anaika kapu pansi mwakachetechete, ngati munthu amene wapeza chimene anadzera. Anavala jekete pamwamba pa shati yonyowayo, anathokoza mnzanga m'Chichewa chake cholemera cha kusukulu, ndipo anatuluka. Mnzanga anandifunsa ngati tapambana kapena tagwa, ndipo ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa.

Bwalo la mpingo linandiitana sabata yotsatira. Ndinapita m'chitenje changa cha maluwa. Mkuluyo anaimirira napereka lipoti lake. Anati m'nyumba ya mayiyu mulibe mankhwala, mulibe mizimu, mulibe chiphunzitso chachilendo. Muli masamba, madzi ndi tiyi wabwino. Anati mayi wa ku Mulanje ndi munthu wa manja ochenjera, ndipo ananena mawu amenewa akuyang'ana kudenga. Kenaka anati komabe wapeza chinthu chomvetsa chisoni: nyimbo za mpingo zakhala zikudulidwa pakati Loweruka lililonse, ndi anthu ambirimbiri, ena a iwo a madigiri. Analankhula za zimenezi nthawi yaitali kuposa za vimbuza.

Chigamulo chinali chakuti ndibwerere ku Mgonero ndi kuvala yunifolomu yanga, ndipo ntchito ya kuseri ipitirire, pokhapokha nyimbo iliyonse yoyambidwa pansi pa bulangete izimalizidwa. Amati ndinapepesa ndikulira. Sindinapepese, chifukwa muyeso wa ndime ziwiri unali wolondola, ndipo mkuluyo akanakhala umboni wake mnzanga akanapanda kukoka chiguduli. Ndinangoti "Yewo," n'kufunsa ngati bwalo lingandithandize kusankha nyimbo zazifupi. Mkulu yemweyo anazitchula pomwepo, za pamtima, zonse za ndime ziwiri, ndipo zinatikwanira. Mphunzitsi wa masamu anapitiriza ndi kolasi yake, imene inapezeka kuti inali yololedwa kuyambira kale.

Loweruka madzulo mnzanga anatulutsa yekha bulauzi m'sutikesi. Anati yanunkha mankhwala a njenjete, anaichapa, anaiyanika kukhitchini pafupi ndi mbaula, ndipo anaisita ndi simbi ya makala chifukwa magetsi anali atazima. Sanandilole kuigwira. Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi n'kukhala pamalo panga pakati pa anzanga, ndipo mayi wa pambali panga ananunkhiza phewa langa n'kunong'ona kuti ndikununkhira bulugamu. Kutsogolo mkulu uja anapereka liwu loyambira, loyera ngati belu, ndipo mitu ingapo inatembenukira kwa ine.

Potuluka ndinapeza mnzanga ataima pageti, atachokera ku mapemphero a kwawo, kolona ili m'khosi. Anandizungulira akuyang'ana bulauzi, nakonza kolala imene sinali yopindika.

"Mwaoneka ngati mkwatibwi, achemwali. Ndiye tsiku lija mudzapita mutavala imeneyi?"

"Imeneyi."

"Ndidzakhala benchi yoyamba ngati ku Khondowe. Koma muwauziretu adada aja asankhe yaifupi. Ine mawondo anga sapirira kumanda."

Tinayenda wapansi mpaka ku Katawa tikukangana za amene adzatsogole. Amatinso kuyambira pamenepo mkuluyo ankabwera kwathu Loweruka lililonse. Si zoona. Ankabwera nyengo yozizira yokha, ndipo tayi ankavula.